Tsiku Limene Ndinaona Nkhope ya Apongozi

1990: Kamera yodya kwambiri

Za ubwana wanga ku Malota sinditaya nazo pepala, ana anga, pakuti azakhali anu anakuuzani kale, zina mpaka kuthira mchere. Chimene ndikufuna chitsale cholembedwa ndi mmene ndinalowera ntchito ya kamera, mmene ndinatsalira pang'ono kuitaya, ndi chimene ndinawachita agogo anu a Nachisale, mayi wa amayi anu, kuti ntchitoyo isandipulumuke. Nkhaniyi mumaimva zidutswazidutswa pa maukwati, anthu akufa nalo phwete. Ine nthawi imeneyo sindinkaseka.

Ndinalembedwa ntchito mu 1990 pa ofesi ina yofalitsa nkhani muno mu Livingstone. Ndinali ndi zaka makumi atatu ndi ziwiri, wapabanja kale, iwe Chisomo uli ndi zaka zitatu. Ndisanapite kumeneko ndinkajambula zithunzi za ziphaso pa situdiyo ina mtauni, choncho ndinkadziyesa katswiri. Bwana wanga anali ba Hamoonga, Mtonga wa ku Monze, munthu wamtali woyenda chowerama ngati akufunafuna kanthu kamene wataya. Tsiku loyamba anatsegula kabati yachitsulo, natulutsamo kamera ya vidiyo yokulungidwa m'bulangete.

“Iwe Nkhoma, uiziba iyi?” anandifunsa.

“Niziba ya vithunzi chabe, bwana.”

“Ni chimozimozi. Iyi ichita chabe kudya maningi. Ukaigwesa usabwele kuno, upitilile ku Zimbabwe, buliji ili pafupi.”

Kudya kumene ankanenako kunali kwa matepi ndi mabatire. Matepi tinali nawo anayi okha. Tikajambula akuluakulu akutsegula mjigo kapena kalasi yatsopano, tepi inkakwera basi ya ku Lusaka, nkhani n'kuoneka pa wailesi ya kanema patapita masiku anayi, ngati yaoneka n'komwe, ndipo tepiyo inkabwerera mwezi utatha. Tinkajambula pamwamba pa zakale mpaka zithunzi zinkatuluka ndi mizeremizere ngati chitenje chakutha. Mabatire a kamera anafa ine ndisanafike, ndiye tinkayenda ndi batire ya galimoto m'chikwama cha saka. Woinyamula anali mnzanga Mubita, Mlozi wa ku Senanga, wamkulu kwa ine ndi zaka zisanu, munthu wofatsa amene ankadziwa kamera kundiposa koma sankadzitama. Tinkasinthana: lero iye kamera ine batire, mawa iye batire ine kamera.

Umphawi umaphunzitsa luso lake. Chala changa chachikulu chinazolowera kukhala pa batani loimitsira. Wolankhula akangomeza malovu, ine ndaimitsa. Akayamba kuthokoza alendo mmodzimmodzi, ndaimitsa. Anthu akamaomba m'manja, ndinkawapatsa kawiri kokha, kachitatu ndaimitsa. Tepi ya theka la ola ndinkalowetsamo misonkhano itatu, ndipo ba Hamoonga ankandiyamikira pamaso pa alendo kuti Nkhoma ndi munthu wosawononga. Ndinkanyada nazo zedi, osadziwa kuti ndikuweta matenda.

1993: Mndandanda pa chitseko

Chaka chimenecho mphepo inasintha. Mafakitale a mtauni muno ankatseka wina pambuyo pa mnzake, ndipo amuna amene tinkawadziwa ndi ma ovolosi tinayamba kuwaona atakhala pansi pa mitengo ya mango masana onse. Kenaka inafika kwa ife. Kunabwera kalata yoti antchito achepetsedwe, ndipo oyamba kupita akhala amene alibe mapepala a ntchito imene akugwira. Dalaivala wathu anapita. Mayi wotayipa makalata anapita. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ine ndinali ndi satifiketi ya fomu faifi yokha, ndipo amayi anu anali ndi pakati pa Madalitso. Iwo ankaphunzitsa pa pulayimale ku Dambwa, koma malipiro a mphunzitsi masiku amenewo ankatha tsiku lachisanu ndi chiwiri la mwezi.

Mubita anali ndi kapepala kena kakale ka maphunziro a zamagetsi, kameneko kanamuteteza. Ine ndinalibe pobisala. Tsiku lina ba Hamoonga anandiitana, natseka chitseko, chinthu chimene sankachita chifukwa cha kutentha.

“Nkhoma, zina yako ili pa lisiti,” anatero. “Bati namvela ku yunivesiti ku Lusaka kuli kosi ya bantu bali kale pa nchito, ya vopanga mapulogilamu ya pa TV. Nalemba kuti uyende. Bavomela kukusiya pa nchito mpaka usilize. Manje mvela bwino. Ukapasa, unkhala. Ukafeluka, nilibe vokamba futi, uzayenda monga benangu.”

Ndinawathokoza mpaka kugwada, iwo n'kundiuza kuti ndidzuke ndisadetse buluku la boma. Kunyumba amayi anu analira ndi chimwemwe, kenaka analira ndi mantha, pakuti ankadziwa kuti mwamuna wawo anasiya kugwira buku zaka khumi ndi zitatu zapitazo.

1994: Mdala m'kalasi

Ku yunivesite ndinali wamkulu pa onse m'kalasi mwathu. Anzanga ankanditcha ba mudala, ndipo akafuna kubwereka shuga ankanditcha ba ankolo. Ndinkagona kwa msuweni wanga, pa mphasa m'chipinda chochezera, ndipo ndinkabwera kuno kamodzi pa miyezi iwiri ndi sitima yochedwa ija. Zolembalemba zinandivuta koma ndinapirira. Chimene chinandigwetsa ulesi ndi chimene ndinkaganiza kuti ndikuchidziwa kale.

Mphunzitsi wathu wamkulu anali Madamu Chanda, mayi wamfupi wa mawu aakulu, amene anagwirapo ntchito pa wailesi ya kanema zaka zambiri. Phunziro lake linali la mapulogalamu a pompopompo, amene anthu amaonera nthawi yomweyo pamene zinthu zikuchitika. Ndikufotokozereni mwachidule mmene zimakhalira. Makamera awiri kapena atatu amajambula nthawi imodzi, ndipo nthambo zake zimathera pa bokosi la mabatani lotchedwa mikisa. Pamenepo pamakhala dayirekita, akuyang'ana timakanema ting'onoting'ono, kamodzi ka kamera iliyonse. Iye amalankhula ndi ojambula kudzera m'mahedifoni, kuwauza choti ajambule, n'kumasankha chithunzi chimene chipite kwa anthu. Chimene wasankha chapita. Palibe kubwereza, palibe kufufuta, palibe kuimitsa.

Sabata yoyamba anandiika pa kamera. Mnzathu amene ankayesezera kuwerenga nkhani anatsokomola, ndipo chala changa chinachita zake chisanandifunse. Kakanema kanga kanada bii. Madamu anakuwa m'mahedifoni mpaka khutu linalira. Ndinabwereza kawiri tsiku lomwelo. Mawa lake anabwera ndi pulasitala wa kuchipatala, nandimanga chala chachikulu pamodzi ndi chamkombaphala, kalasi yonse ikuseka. Ndinayenda nacho chomanga masabata awiri. Manyazi anandichiritsa msanga kuposa pulasitalayo.

Matenda achiwiri anawatulukira mochedwa, ndipo amenewo analibe pulasitala. Madamu ankati nkhani ya munthu ili pa nkhope, ndipo wojambula amene amaima patali ndi wamantha kapena waulesi. Anatituma kukajambula anthu pa msika. Titabwerako anaonera tepi yanga mwakachetechete, kenaka anaibweza, naioneranso.

“Ba Nkhoma,” anatero, “bana mwabafendeza pafupi. Bamuna banzanu mwabafendeza. Manje aba bamayo bakulu, why bali kutali monga bali ku Kafue? Muyopa chani, bazakulumani?”

Ndinayesa kufotokoza kuti kwathu mwamuna sayang'anitsitsa mayi wamkulu kumaso, pakuti mwina ndi apongozi a munthu, ndipo ine dzanja limangokana lokha.

“Naine nili nabo bapongozi, nibagwadila,” anayankha. “Bati kamera ilibe bapongozi. Mukaona muntu mutima wabwela pa menso, mufendele pafupi, munkhale pamene apo. Mukathaba, mwanama bantu bamene batamba TV.”

Apa ndiyenera kukuuzani mmene tinkakhalira ndi agogo anu, pakuti inu munakula zinthu zitapepuka. A Nachisale anabadwira ku Dedza, anabwera kuno ali mtsikana kutsatira amuna awo a Banda amene ankagwira ntchito ya njanji, ndipo mwambo wa kwawo anabwera nawo wonse osasiyako kanthu. Ankagulitsa tinsomba ta kapenta ndi nyemba pa msika wa ku Dambwa, ndipo aliyense ankadziwa kuti mayi ameneyu sabwerezedwa mawu. Chikwatirireni mwana wawo, ine ndinali ndisanawayang'anepo kumaso. Tikakumana pa njira ndinkapatuka n'kunjuta, nkhope kumbali. Ndikapita kwawo ndinkakhala panja pa mpando, iwo m'nyumba kuseri kwa chitseko, mawu n'kumadutsira mwa amayi anu: “Esinati, afunse abambo a Chisomo ngati adzuka bwino.” Ndinkawadziwa ndi mawu, mapazi ndi zitenje zawo. Mukanandifunsa ngati ali ndi mpata m'mano, ndikanati kafunseni ena. Sikunali kudana ayi. Unali ulemu, ndipo iwo ankandinyadira nawo kwa anzawo kuti mkamwini wawo ngakhale anabadwira mtauni ndi woleredwa.

Okutobala 1995: Mayeso ku Dambwa

Mayeso otsiriza a ife ochokera m'maofesi akutali ankachitikira kwathu komwe. Madamu ankayenda ndi mikisa ndi kamera yachiwiri pa galimoto ya sukulu, ndipo wophunzira ankayenera kukonza pulogalamu ya theka la ola, n'kuiyendetsa monga ya pompopompo, iwo atakhala pambali ndi cholembera. Zinkalowa pa tepi, koma lamulo linali lomwelo: ukayamba, suima mpaka kumapeto. Mayeso amenewa anali ndi malikisi ochuluka kuposa zolemba zonse.

Ine ndinakonza zokajambula osema ziboliboli kufupi ndi mathithi. Kutatsala masiku atatu, ba Hamoonga anandiuza kuti mafuta a galimoto palibe, jenereta yafa, ndipo kumene ndinkafunako kulibe magetsi. Ndinafika kunyumba n'kufotokoza zonse. Amayi anu ndi amene anapeza nzeru. Anati tchalitchi chathu ku Dambwa chili ndi magetsi, ndipo amayi a chigwirizano, amene ambiri makolo awo anachokera ku Malawi, ali ndi nyimbo zawo zakale zimene amaimba pa maliro ndi pa maukwati. Amayi anuwo adzakhala wofunsa mafunso, poti kuima pamaso pa anthu ndi ntchito yawo. Woyankha adzakhala mtsogoleri wa amayiwo, mayi wina wochezeka wa ku Malota. Ndinadziwa kuti apongozi amaimba nawo m'gululo, koma ndinati adzakhala kumbuyo pakati pa anthu makumi awiri, kamera idzangowadutsa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndinavomera.

Linali Loweruka m'mawa, dzuwa la Okutobala litayamba kale kuwotcha malata. Tinaika mikisa pa tebulo m'kachipinda ka akuluampingo, chitseko chotsegula. Mubita anatenga kamera yoyamba, yoyandikira. Kamera yachiwiri, yoonetsa gulu lonse, anaigwira ba Hamoonga eni ake, poti panalibe wina. Povala mahedifoni anati, “Lelo chabe, Nkhoma. Ukanituma Mande nizakuchosa nchito neka.” Kutatsala mphindi khumi amayi anu analowa m'kachipindamo nkhope itagwa. Mtsogoleri uja anali atapita ku Choma mbandakucha, mchemwali wake atadwala mwakayakaya. Amayiwo anakhala pansi n'kusankha wamkulu pa onse kuti ayankhe mafunso m'malo mwake. Sindinafunse kuti ndani. Ndinasuzumira pakhomo, ndipo pa mpando wa kutsogolo, pafupi ndi maikolofoni, ndinaona mapazi amene ndinkawadziwa.

Madamu Chanda anayang'ana wotchi yawo. Sindinawauze kuti amenewo ndi apongozi anga. Walira mvula walira matope, ndinadziuza, sukulu ndinaifuna ndekha. Ndinawerenga chobwerera kuyambira pa faifi, ndipo tinayamba.

Mphindi khumi ndi zisanu zoyamba ndinazemba bwino ndithu. Amayi a chigwirizano akamaimba ndinkasinthasintha pakati pa gulu lonse ndi nkhope za ena. Amayi anu akamafunsa, ndinkaonetsa iwo. Apongozi akamayankha, ndinkathawira kwa ba Hamoonga, amene ankawaonetsa patali, ang'ono ngati chala. Mubita, podziwa mwambo chifukwa kwawonso ulipo, ankangoloza kamera yake pa manja awo atagwira buku la nyimbo, osakwera m'mwamba. Ndinamuthokoza mumtima. Koma ndinkamva cholembera cha Madamu chikukanda pepala pambali panga, ndipo ndinkadziwa chimene chikulembedwa.

Kenaka amayi anu anafunsa funso limene tinakonzera mayi wa ku Malota uja, loti pa nyimbo zonsezi imene amaikonda kwambiri ndi iti. Apongozi anati ilipo ina, yonena za munthu wapaulendo amene akulakalaka kwawo, ndipo anaiimba komaliza tsiku loika amuna awo. A Banda anali atamwalira zaka zitatu m'mbuyomo, ndipo anaikidwa konkuno, asanaonenso Dedza chichokereni. Palibe anawapempha kuti aimbe. Anangoiyamba okha, mawu apansipansi, amayi ena n'kuyamba kupolokozera mong'ung'udza. Pa ndime yachiwiri mawu awo anasweka. Pa kakanema ka Mubita ndinaona dontho likugwera pa chikuto cha buku, kenaka lina.

Cholembera cha Madamu chinaima. Sanandiyang'ane n'komwe. Ana anga, ndaganizapo zinthu zambiri m'moyo, koma sindinaganizepo mofulumira ngati nthawi imeneyo. Ndikakhala patali, mayeso ndalephera, ntchito yatha, ndipo inu mudya chiyani? Ndikayandikira, ndayang'ana apongozi anga kumaso, osati tsiku wamba, koma akulira, ndiponso ndaika misozi yawo pa tepi kuti aliyense aione. Chala changa chakale chija chinayamba kufunafuna batani loimitsira, koma pa mikisa palibe batani lotero.

“Mubita,” ndinanong'ona, “kwela ku nkhope.”

Kamera sinasunthe. M'mahedifoni ndinamva mpweya wake, kenaka mawu otsika kwambiri: “Iwe, ni bapongozi bako aba.”

“Niziba. Kwela. Fendela pafupi.”

Anakwera pang'onopang'ono, kudutsa buku, bulauzi yoyera, khosi, mpaka nkhope inadzaza kakanema konse. Ndinadina batani. Umo ndi mmene ndinawaonera agogo anu koyamba, patatha zaka zisanu ndi zinayi ndili mkamwini wawo. Anali ndi mphini ziwiri zazing'ono pa tsaya lililonse, ndi mphumi yofanana ndendende ndi ya iwe Tiyanjane, ngakhale unali usanabadwe. Maso anali otseka, misozi ikutsika osaipukuta, koma nyimbo sanaisiye. Ndinafuna kuthawira ku gulu pambuyo pa kamphindi, koma ndinakhala pomwepo mpaka ndime inatha. Thukuta linkandilowa m'maso, ndipo sindikana, si thukuta lokha. Atatsegula maso ndi pamene ndinabwerera ku kamera ya ba Hamoonga.

Zotsalazo sindizikumbuka bwino. Tinamaliza pa nthawi yake. Madamu anatseka kope lawo, nati zotsatira zidzabwera pa kalata, ndipo anapempha madzi akumwa. Nditatembenuka ndi pamene ndinaona kuti pa zenera la kachipindako panali amayi atatu amene anabwera kudzasesa tchalitchi, ndipo anaonera zonse pa timakanema tanga, kukamwa kuli yasa.

Novembala 1995: Kuitanidwa

Dzuwa lisanalowe Dambwa yense anali atamva. Pofika Lamulungu nkhani inali itakula: akuti mkamwini wa a Nachisale anawakoka ndi makina mpaka nkhope yawo inakula ngati beseni, n'kumawerenga misozi. Pa minibasi anthu ankasiya kulankhula ndikakwera. Mkulu wina wa mpingo anandiimitsa pa njira n'kundifunsa ngati ku yunivesite amaphunzitsanso kuvula anthu ulemu. Amayi anu sanandikalipire, ndipo bola akanandikalipira. Ankangoti, “Munachita zimene munaphunzira,” n'kupitiriza kusita. Kwa amayi awo anapita kawiri, ndipo ulendo uliwonse ankabwerako ndi mawu amodzi, akuti amayi sakunenapo kanthu. Iwe Chisomo unkapita kwa agogo ako Loweruka lililonse, koma masabata amenewo sanakuitane.

Kalata ya ku Lusaka inafika patatha masabata atatu, pamodzi ndi tepi yanga. Ba Hamoonga anaitsegula okha ngakhale inali ndi dzina langa, naiwerenga chamumtima, nkhope ili gwa, kufuna kundizunza. Kenaka anati, “Wapasa, mambala iwe. Zina yako nachosa pa lisiti.” Pansi pa kalatayo Madamu analembapo ndi dzanja kuti theka loyamba linali la munthu wamantha, koma anandikhululukira chifukwa cha mphindi imodzi. Ndinatuluka panja, ndinakhala pa sitepe. Mtolo umene ndinausenza zaka ziwiri unatsika. Mubita anandigulira botolo la chakumwa chozizira, nati, “Manje yasala ni khoti ya ku Dambwa.”

Sananame. Lachisanu amayi anu anabwera ndi uthenga woti amayi awo akufuna kuona chimene chinajambulidwa, Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi, kunyumba kwawo. Ndinabwereka TV ndi deki yoonetsera matepi ku ofesi, ndinazikweza pa wilibala, ndipo ndinakankha ndekha dzuwa lili paliwombo, anthu akundiperekeza ndi maso. Aka kanali koyamba kulowa m'chipinda chawo chochezera iwo alimo. Ndinalumikiza nthambo nditawafulatira, kenaka ndinakhala pansi pafupi ndi chitseko, maso pa simenti. M'nyumbamo munali iwo, amayi anu, ndi amayi awiri achikulire a chigwirizano amene ndinadziwa kuti abwera ngati mboni.

Anaonera theka lonse la ola osatsokomola n'komwe. Pofika pa nyimbo ija ndinamva mmodzi wa amayi aja akufwenthera. Ine ndinkangowerenga nyerere zimene zinkadutsa pafupi ndi phazi langa. Kenaka tepi inatha.

“Esinati,” anatero apongozi, “auze abambo a Chisomo abweze pamene ndikuimba paja.”

Ndinakwawa ndi maondo, ndinabweza, ndinabwerera pamalo panga. Anaoneranso. Itatha ndime ija anati ndiimitse, ndipo nkhope yawo inatsala itaima pa kanema.

“Esinati, afunse ngati chinthu chimenechi chingathe kufika ku Dedza.”

Ndinayankha kudzera mwa amayi anu kuti ndikhoza kukopera pa tepi ina, n'kupatsira munthu wa pa basi, ndipo ku boma kumeneko sikungalephere kupezeka nyumba ya deki.

Apongozi anapuma mozama. Atayambanso kulankhula, mawu awo anali olunjika kwa amayi awiri aja. Anati a Banda atamwalira, uthenga unachedwa pa njira, ndipo abale awo anaumva maliro ataikidwa kale. Patapita miyezi alamu awo analemba kalata yoti mkazi wa mtauni wakwirira m'bale wawo ngati galu, osagwetsa ndi msozi umodzi womwe, kuti atsale ndi nyumba. Kalatayo anaibisa pansi pa sutikesi zaka zitatu, osauza ngakhale ana awo. Amayi anu anagwira pakamwa.

“Ndikanawayankha chiyani?” anatero. “Misozi sulemba m'kalata. Koma iyi akaione ndi maso awo. Akaone kuti mchimwene wawo ndikumulirabe mpaka lero.”

Ine ndinamva ngati munthu amene waphonyedwa ndi galimoto. Ndinayamba kukonza m'mutu mawu opepesa oti amayi anu awafikitse. Ndisanatsegule pakamwa ndinamva mpando ukukhwekhwereza, ndipo mapazi aja anatembenukira kumene ndinakhala. Dzina la Esinati silinatchulidwe.

“Abambo a Chisomo.”

“Wawa,” ndinayankha, chipumi chitatsala pang'ono kugunda simenti.

“Mukufunanso chiyani pansipo? Mwandiona kale. Dzutsani mutu, tikambirane za basi.”